Nazale ya kwa Kamwendo: mbawa yake ndi mbawadi

Ofuna mbande za mbawa kuno ku Mchinji, pitani ku nazale ina ili m'mbali mwa dimba mukangodutsa pa Kamwendo kulowera ku boma. Ilibe chikwangwani, mumangoona machubu akuda atandandalika pansi pa chisakasa cha udzu. Ndikuiyamikira chifukwa cha chinthu chimodzi: mwini wake, bambo wachikulire ndithu, amadziwa kusiyanitsa mitengo yomwe akugulitsa, ndipo amakuonetsani kusiyanako musanatulutse ndalama.

Ine ndine kalipentala. Thabwa la mbawa likusowa masiku ano, likapezeka mtengo wake ndi wodula mutu, n'chifukwa chake ndinaganiza zodzala yanga m'mbali mwa mtsinje wa Bua kumene kuli munda wathu. Vuto ndi lakuti m'misika yathuyi chilichonse cha masamba ogawikana amachitcha mbawa. Anthu ambiri agulitsidwa senderela, mtengo wochokera ku Asia, n'kudzazindikira utakula kale. Senderela si woipa, amakula msanga, koma thabwa lake ndi lopepuka komanso lofewa, silingafanane ndi mbawa pa chitseko kapena pa tebulo.

Nditangonena kuti ndikufuna mbawa, bambowo anati, "Achimwene, dikirani muone kaye make wa mbandezi." Analowa m'kanyumba n'kutuluka ndi chitini chodzaza zipatso zouma. Chipatso cha mbawa ndi chozungulira, cholimba, kukula kwake ngati ndimu, ndipo chikauma chimang'ambika mbali zinayi kapena zisanu. M'kati mwake muli njere zaphanthiphanthi zokhala ndi kaphiko kopyapyala kuzungulira njere yonse. Za senderela ndi tizipatso ting'onoting'ono. Za msikidzi, womwenso ndi m'bale wa mbawa, sizivuta n'komwe: njere yakuda yokutidwa ndi chofiira.

Kenaka anandionetsa masamba a mtengo waukulu womwe amatolamo njerezo. Pa phesi limodzi pamakhala timasamba tiwiritiwiri toyang'anizana, tosalala, ndipo kumapeto kwa phesi kulibe katsamba kotsala kokha. Msikidzi uli nako katsamba kakumapetoko, ndipo kunsi kwa masamba ake kuli tiubweya. Koma anandichenjeza kuti lamulo limeneli ndi la mtengo wokula. Mbande ya mbawa ikamaphuka imayamba ndi masamba amodziamodzi osagawikana, ndiye pa msinkhu umenewo diso lokha likhoza kukunamizani. Njira yake ndi mphuno: mukatikita tsamba lanthete la senderela limatulutsa kafungo ka anyezi, la mbawa ayi. Ndinanunkhiza onse awiri, n'zoonadi.

Dzina la sayansi la mbawa ndi Khaya anthotheca, ngakhale akatswiri ena a zankhalango amautcha Khaya nyasica. Kwawo kwenikweni ndi m'nkhalango zamvula yambiri, kuyambira kuzambwe kwa Africa, kudzera ku Congo ndi Uganda mpaka kuno kumwera. Ku Zimbabwe, m'nkhalango ya Chirinda, kuli mbawa yotchuka yotalika kupitirira mamita 60. Kuno kwathu mvula siyifika pamenepo, n'chifukwa chake mbawa yachilengedwe mumaipeza m'mbali mwa mitsinje. Bambowa amadziwa zimenezi mwa njira yawo. Mayi wina amene anabwera ndili pompo, wofuna kukadzala pa mtunda wa miyala, anamuuza mosabisa kuti, "Mayi, kumeneko mungotaya ndalama, tengani mtangatanga kapena kesha." Wogulitsa wokana ndalama chonchi sapezekapezeka.

Mbande zinali zathanzi, tsinde lowongoka, nsonga zofiirira monga ziyenera kukhalira. Amafesa njere zongotola kumene, poti za mbawa zikakhalitsa sizimera. Mtengo wake ndi wokwererapo kuposa bulugamu, koma sindinadandaule.

Zondikwiyitsa zilipo. Palibe chubu ngakhale chimodzi cholembedwa dzina. Zonse zili m'mutu mwa bambowo, ndiye tsiku limene apita ku maliro kapena ku msika, mnyamata wotsala pa nazale amangoloza mzere uliwonse. Mizere ya mbawa ndi senderela ndi yoyandikana, wina akhoza kusakaniza osadziwa. Mbande zina zakhalitsa m'machubu mpaka mizu inaboola pulasitiki n'kulowa pansi. Zoterozo musatenge, pozizula muzu waukulu umaduka. Nyamulani chubu chilichonse muone kunsi kwake. Komanso sananene kanthu za mbozi yomwe imaboola nsonga ya mbawa yaing'ono, yomwe imachititsa kuti mtengo uchite mphanda m'malo mowongoka. Kwa ife a matabwa imeneyo ndiye nkhani yaikulu. Nditawafunsa anavomera kuti imavutadi, n'kulangiza kuti ndisadzale mbawa yokhayokha pamtetete koma ndiisakanize ndi mitengo ina, ndipo ikachita mphanda ndizidulira n'kusiya nthambi imodzi yowongoka. Malangizo abwino, koma ayenera kumawapereka kwa aliyense osadikira kufunsidwa.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbawa pa nazaleyi imatha msanga chifukwa masukulu ndi mipingo amagula yambiri. Pitani mvula ikangokhazikika, m'mawa, ndipo ngati bambowo palibe, bwererani tsiku lina. Tengani ndowa kapena katoni yanu, alibe chonyamulira.