Debonairs kapena Roman's, ku Joni tigule pizza iti?

Amene munakhalako ku Joni mukudziwa kuti Lachisanu likafika mkangano umakhala wa awiriwa. Debonairs ndi yakale pang'ono, inayamba mu 1991 ku Pietermaritzburg, anyamata awiri ophunzira pa yunivesite, Craig McKenzie ndi Andrew Harvey, ndipo anatchuka chifukwa obweretsa pizza kunyumba ankabwera atatchena ndi tayi ya gulugufe ija ngati akupita ku ukwati. Pano ili m'manja mwa Famous Brands, eni ake a Steers, ndipo inafalikira mpaka kwathu ku Malawi. Triple-Decker yawo ija, mitanda itatu yosanjikizana tchizi akuchita kutayikira m'mbali, ukadya zidutswa ziwiri basi mimba ndi ndi ndi, nsima usaifunsenso.

Roman's ndi ya ku Pretoria, 1993, poyamba inkatchedwa Little Caesar's kenako anasintha dzina. Iwowa nkhani yawo ndi mtengo, umagula ziwiri pamodzi osalira m'thumba, nde ngati muli chigulu pa den ndi yomweyo basi.

Ineyo pakukoma ndimapereka kwa Debonairs, koma mwezi ukafika pakati, aaa, mundipeza pa Roman's.