Khadi, ATM kapena ndalama za m'manja: njira iti imadya ndalama zochepa mukawoloka malire a Mwami?

Anthu ambiri a kuno ku Mchinji amene amapita ku Chipata, ku Lusaka ngakhalenso ku Johannesburg amadabwa akabwerako kuona kuti ndalama zimene zachoka mu akaunti yawo n'zochuluka kuposa zimene anawerengera pogula. Kawirikawiri sikuti wina wawabera, koma kuti ndalama ikamachoka ku banki ya ku Malawi kupita kwa wogulitsa wa kunja imadutsa m'manja angapo, aliyense n'kumatapako pang'ono, ndipo gawo lalikulu la zotapidwazo limabisala mu mtengo wosinthira m'malo molembedwa poyera pa risiti. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha yathu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibenso wamalonda amene angatenge nkhani imeneyi mopepuka.

Njira imene ine ndimaiika patsogolo ndi kulipira ndi khadi pa makina a m'sitolo, koma mu ndalama ya dziko limene mulimo. Mukatero, amene amasintha ndalamayo ndi Visa kapena Mastercard, makampani oyendetsa makhadi, pa mtengo wawo wa tsikulo, kenako banki yanu imaikapo kagawo kake ka malipiro ogwiritsira ntchito khadi kunja. Nthawi zambiri ndalamayo imadutsa kaye mu dola ya ku America isanasanduke kwacha yathu, choncho musayembekezere kuti njirayi ndi yaulere. Ubwino wake ndi woti malipiro ake amadziwika: banki iliyonse, kaya ndi National Bank, Standard Bank, FDH, NBS kapena First Capital, ili ndi ndandanda wa malipiro umene mungaufunse musananyamuke, ndipo Visa ndi Mastercard ali ndi malo pa intaneti pamene munthu angaone mtengo wawo wosinthira wa tsiku limene anagula.

Njira yopikisana nayo imaoneka yabwino poyamba, ndipo n'chifukwa chake imakola ambiri. M'mahotela ena, m'masitolo akuluakulu ndi pa ma ATM ena, makina akazindikira kuti khadi ndi lakunja amafunsa ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kumeneko kapena mu ndalama ina imene mumaidziwa bwino, monga ya khadi lanu. Mukasankha yachiwiriyi, mwalola kuti wosintha ndalama akhale kampani imene ikuyendetsa makinawo, pa mtengo umene yadziikira yokha, umene kawirikawiri umakhala woipa kuposa wa Visa kapena Mastercard, ndipo banki yanu ingathe kudulabe gawo lake popeza mwagula kunja. Tingoyerekeza kuti mwagula katundu wa 2,000 kwacha ya ku Zambia: ngati njira yoyamba ikukudyerani 3 peresenti mwataya 60, koma ngati yachiwiri ikudya 8 peresenti mwataya 160 pa katundu yemweyo, popanda chilichonse chimene mwapindula kupatula kuona nambala yozolowereka pa makina.

Ife a m'malire tili ndi vuto lina lapadera, loti ndalama ya ku Zambia ndi yathu zonse zimatchedwa kwacha. Wogulitsa akafunsa kuti "mulipira mu kwacha?" funsolo silinayankhe kanthu. Yang'anani zilembo zitatu zimene zili pa makina musanalembe nambala yanu yachinsinsi: ZMW ndi ya ku Zambia, MWK ndi yathu, USD ndi dola, ZAR ndi randi. Ogulitsa ena amadina okha batani asanakupatseni makinawo, mwina chifukwa cha changu ndi mzere wautali, koma malamulo a Visa ndi Mastercard amanena kuti mwini khadi ndiye ayenera kusankha, choncho muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti afafanize n'kuyambiranso.

Pa nkhani ya ATM m'pofunika kusiyanitsa makhadi awiri. Khadi wamba, limene limatenga ndalama zanu zomwe zili mu akaunti, limakudulani malipiro a banki yanu ndipo nthawi zina a mwini ATM, ndiye ndi bwino kutapa kamodzi ndalama zokwanira kusiyana n'kutapa pang'onopang'ono. Khadi la ngongole ndiye ayi ndithu. Kutapa nalo ndalama pa ATM kumatengedwa ngati kubwereka ndalama za m'manja, kumene kuli ndi malipiro akeake, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, popanda masiku opumira amene mumapatsidwa mukagula katundu m'sitolo. Pa njira zonse zimene ndikuyerekeza pano, imeneyi ndiyo yodula kwambiri.

Ndalama za m'manja sizingasiyidwe, chifukwa mayi wogulitsa zitenje pa msika ku Chipata kapena woyendetsa takisi sangalandire khadi. Kusintha ku banki kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi kumakupatsani risiti imene ingakuthandizeni akakufunsani pa malire, ngakhale aliyense akudziwa kuti ndalama zakunja zakhala zikusowa ndipo sikuti nthawi zonse mudzapeza zimene mukufuna. Anyamata osintha ndalama m'mbali mwa msewu amakhala nazo, koma malonda amenewo ndi oletsedwa, ndipo amene wapatsidwa ndalama yabodza kapena mpukutu wosakwana alibe kokadandaula. Pewaninso kusintha kawiri, kwacha yathu kupita ku dola kenako dola kupita ku kwacha ya ku Zambia, ngati mungathe kupeza ya ku Zambia mwachindunji, popeza pa kusintha kulikonse mumataya kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira.

Amene amalandira malipiro mu dola, monga ogulitsa mtedza kapena soya kunja, angafunse ku banki za akaunti ya ndalama zakunja, imene imachepetsa kusinthasintha pa zinthu zimene mtengo wake uli kale mu dola. Kwa munthu wongopita kukaoda katundu kamodzi pa mwezi, akaunti yotere siyothandiza kwenikweni.

Njira iliyonse ya khadi imene mungasankhe imadalira malire amene banki yanu yaika pa ndalama zogwiritsa ntchito kunja, ndipo malirewa amasintha malinga ndi kupezeka kwa ndalama zakunja. Pitani ku nthambi ya banki yanu musananyamuke, mufunse malire a mwezi umenewo, muwauze masiku amene mukhale kunja kuti khadi lisatsekedwe poliganizira kuti labedwa, ndipo ngati mukagona ku hotela, kumbukirani kuti ena amagwira kaye ndalama ya chikole pa khadi, imene ingatenge masiku angapo isanabwerere mu akaunti.