Wothamanga akakalamba: liwiro kapena ndawala?

Zaka zikapitirira 60, wothamanga amakhala ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya liwiro: kuthamanga mwamphamvu mphindi zochepa, kupuma, kenako kubwereza, wotchi ya GPS yoyeza mtunda ndi liwiro ili pamkono. Imalimbitsa mtima msanga ndipo siidya nthawi. Vuto lake ndi loti minofu ya munthu wamkulu imachedwa kuchira, ndiye msempha wa kuchidendene ukangokokeka, miyezi imatha uli pakhonde.

Yachiwiri ndi ya Ed Whitlock, wothamanga wa ku Milton, Canada. Ankazungulira manda a pafupi ndi kwawo pang'onopang'ono, masiku ena maola atatu, wopanda mphunzitsi, atavala nsapato zakalekale. Mu 2004, ali ndi zaka 73, anamaliza marathon (mpikisano wa makilomita 42) ya ku Toronto m'maola awiri ndi mphindi 54. Ali ndi zaka 85 anaithamanganso osakwanitsa maola anayi.

Ine mtima wanga uli pa yachiwiriyi, ngakhale imafuna nthawi yambiri, imene wapenshoni ali nayo koma wapantchito alibe. Mawondo savutika kwambiri, makamaka panjira yadothi, ndalama sizituluka, komanso mpweya umatsalako wolonjerana ndi anthu panjira. Liwiro ndingalisiyire tsiku limodzi pa sabata, pachitunda chachifupi.