Cerbo GX ndi batire la Pylontech US3000C: zimamvana, koma samalani chingwe

Cerbo GX ya Victron (chipangizo choyang'anira zida za magetsi a dzuwa) ikamvana ndi Pylontech US3000C, ntchito yake ndi yosiririka: batire limadzinenera lokha mphamvu yoyenera kulitchajira.

Vuto limakhala pa chingwe. Chingwe wamba cha intaneti chimalowa bwinobwino pabowo, koma mawaya ake sagwirizana. Pamafunika cha Type A, ndipo chodandaulitsa n'chakuti chimagulidwa padera. Chilumikizeni pa BMS-Can (mabowo a Cerbo GX olumikizirapo batire), liwiro likhale 500 kbit/s, ndipo bowo lotsalalo mulitseke ndi terminator (kapulagi kotsekera mapeto a mzere wa mauthenga). Liwiro likakhala 250, batire silioneka n'komwe pamndandanda wa zipangizo.

Musakhutire poona batire likuonekera. Onetsetsani kuti DVCC (makonzedwe a mu Cerbo GX olola batire kulamulira katchajidwe kake) yayatsidwa, kenako zulani chingwecho dzuwa likuswa mtengo. MPPT (tchaja ya magetsi a dzuwa) iyenera kuonetsa Error 67, uthenga wakuti yasiya kumva batire. Ikapitiriza kutchaja ngati palibe chachitika, ndiye kuti sinkamvera batire chiyambire.