Rauta yachiwiri m'nyumba, patatha miyezi 8

Papita miyezi 8 chiikireni rauta (kabokosi komwaza Wi-Fi) yachiwiri m'nyumba mwathu, ndiye tsopano ndingathe kunena mmene yayendera popanda kutengeka ndi chisangalalo cha masiku oyamba. Rauta yomwe tinapatsidwa ndi kampani ya intaneti ili pabalaza, ndipo kuchokera pamenepo kukafika kuchipinda chomaliza pali makoma awiri a njerwa. Ukalowa kumeneko timizere ta Wi-Fi pafoni tinkatsala kamodzi, nthawi zina n'kuzimiririka. Mwana wanga wamkulu ankachita kukaima pakhomo, foni m'mwamba, kuti ntchito ya kusukulu ituluke.

Sindinagule chilichonse chatsopano. Ndinatenga rauta yakale yomwe inangokhala m'kabati ikudya fumbi. Poyamba ndinaiika kuti izingolandira Wi-Fi kuchokera pabalaza n'kumaibwereza, popanda chingwe. Timizere tinadzaza ndithu, koma vidiyo inkangozungulira. Chifukwa chake n'chakuti kawailesi kamodzi komweko kamayenera kumvera rauta yoyamba kenako n'kulankhula ndi foni yako, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Ndinapirira milungu itatu basi, n'kugula chingwe cha intaneti cha mtundu wa Cat5e cha mamita 20, n'kuchidutsitsa kudenga kuti chilumikize marauta awiriwo. Chingwe chotere chimagwira bwino mpaka mamita 100, ndiye nyumba wamba sichiiona n'komwe. Pa zonse zomwe ndinachita, chingwechi ndi chimene chasintha zinthu, ndipo mpaka lero sichinandivutitsepo.

Chomwe chinandivutitsa ndi ine mwini. Ndinalowetsa chingwecho pa doko (bowo lolowetsamo chingwe) lolembedwa WAN la rauta yachiwiri, poganiza kuti intaneti imalowera pamenepo. Intaneti inabweradi, koma nyumba inagawikana pawiri. Laputopu ya kuchipinda sinkaiona pulinta yapabalaza, ngakhale zonse zinali pa Wi-Fi ya nyumba imodzi. Akatswiri amati double NAT: rauta iliyonse yapanga kamudzi kake, ndi maadiresi akeake, manambala ozindikiritsa chipangizo chilichonse. Mankhwala ake anali kuzula chingwe pa WAN n'kuchilowetsa pa doko limodzi la LAN (madoko olumikizirapo zipangizo za m'nyumba), kuzimitsa DHCP (mbali ya rauta yogawa maadiresi) pa rauta yachiwiri kuti yoyamba yokha ndiyo izigawa maadiresi, ndi kuipatsa yachiwiriyo adiresi yokhazikika. Yapabalaza ndi 192.168.1.1, ndiye iyi ndinaipatsa 192.168.1.2, n'kuonetsetsa kuti yoyamba isamagawire chipangizo china nambala imeneyo. Marauta ambiri atsopano ali ndi batani la Access Point lomwe limachita zonsezi kamodzi, koma yangayi inalibe.

M'mwezi wachinayi zinthu zinasokonekera mwadzidzidzi. Mafoni ena ankaonetsa kuti alumikizidwa koma intaneti ziii, pomwe ena ankayenda bwinobwino. Ndinathera madzulo onse ndikukalipira kampani ya intaneti mumtima, osadziwa kuti ilibe mlandu. Mng'ono wake wa mwana wanga wamkulu uja anali atabaya kabowo ka reset kumbuyo kwa rauta ndi cholembera, pofuna "kuikonza". Rauta inabwerera mmene inachokera kufakitale, DHCP inayakanso, ndipo marauta awiri anayamba kulimbirana kugawa maadiresi. Foni yomwe yalandira adiresi kwa rauta yolakwika inkasochera njira yotulukira. Kuyambira tsiku limenelo ndinalemba masetingi onse pakapepala n'kumata pansi pa rauta, ndipo kabowo kaja ndinakatseka ndi selotepi.

Nkhani ya dzina la Wi-Fi ndi yomwe sindinakhutitsidwe nayo mpaka pano. Ndinapatsa marauta onse dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi kuti munthu akamayenda m'nyumba foni izisamukira yokha kwa yapafupi. Zimatheka, koma foni ndi imene imasankha nthawi yosamukira, osati rauta. Yanga imakakamira ya pabalaza ngati nkhupakupa, ngakhale nditakhala pabedi moyang'anana ndi inayo. Ndimachita kuzimitsa Wi-Fi n'kuyatsanso. Kuchepetsako mphamvu ya rauta yapabalaza kunathandiza pang'ono. Ukakhala pa foni ya vidiyo n'kumayenda kuchokera kukhitchini kupita kuchipinda, mawu amadukako kwa kanthawi kochepa n'kubwerera. Mayi a ana amadandaula nazo, ine ndinazolowera.

Matchanelo, tinjira tomwe Wi-Fi imadutsamo m'mlengalenga, ndinawasiyanitsanso. Pa mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz pali atatu okha osaphimbana, 1, 6 ndi 11, ndiye yapabalaza ili pa 1, ya kuchipinda pa 11. Rauta yakaleyi ilibe mafunde othamanga kwambiri a 5 GHz, ndipo madoko ake sapitirira liwiro la 100 Mbps. Kwa ife zilibe kanthu chifukwa intaneti yomwe timalipira siifika pamenepo. Apa ndichenjeze amene akuyembekezera chozizwitsa: rauta yachiwiri siwonjezera liwiro lochokera kukampani. Imangofikitsa liwiro lomwelo kumalo komwe silinkafika, ndipo madzulo aliyense akatsegula vidiyo yake, tonse timalimbirana chimodzimodzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi ukalamba wake. Opanga anasiya kutulutsa firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsopano ya mtundu umenewu, kutanthauza kuti mabowo achitetezo akapezeka palibe wowatseka. Ndinaika loko wa Wi-Fi wotchedwa WPA2 n'kuzimitsa WPS, njira yachidule yolumikizira popanda pasiwedi, poti PIN yake ya manambala 8 siivuta kuthyola. Imatenthanso ndithu, moti ndinaichotsa m'kashelefu kotsekeka n'kuiika pamtunda pomwe mphepo imadutsa.

Ikadzafa ndidzagula access point yeniyeni (chipangizo chopangidwira kumwaza Wi-Fi yochokera pachingwe) yokhala ndi 5 GHz, mwinanso zida za mesh (timabokosi ta Wi-Fi togwira ntchito mogwirizana) zomwe zimasamutsa foni bwinoko. Chingwe cha kudenga chija sindidzachichotsa, ndidzangozula rauta yakale n'kulowetsa yatsopano pamapeto pake pomwepo.