Pulse oximeter yopana pachala: zimene ndaona nditaigwiritsa ntchito chaka chathunthu

Ndine namwino m'chipinda cholandirira odwala mwakayakaya, ndipo kwa chaka tsopano ndakhala ndikuyenda ndi pulse oximeter yangayanga m'thumba la yunifolomu. Ndi kachipangizo kopana chala ngati pegi yoyanikira zovala, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi ndiponso liwiro la kugunda kwa mtima. Ndinakagula chifukwa kawirikawiri makina aakulu amakhala ali pa wodwala wina pamene winanso wafika pakhomo akubanika.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Mkati mwake muli tinyali tiwiri timene timawala kudutsa m'chala, kena kofiira ndipo kena ka infrared kosaoneka ndi maso, ndipo popeza magazi okhuta okosijeni amameza kuwala kumeneku mosiyana ndi magazi operewera, kachipangizoka kamawerengera kusiyanako nthawi iliyonse mtima ukagunda. Nzeruyi anaitulukira ndi injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, wa kampani ya Nihon Kohden, m'chaka cha 1972.

Ubwino wake ndinauona bwinobwino usiku wina pamene mayi analowa atanyamula mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayiyo anati, "Anesi, wakhala akungotsokomola, koma lero wasiya kudya." Mwanayo sanali kulira kapena kuphupha, ndipo munthu wothamanga akanatha kumuuza kuti adikire pamzere. Nditamupana chala, pasanathe masekondi khumi panatuluka nambala ya okosijeni, 84 peresenti. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa chibayo amene nambala yake yatsika pansi pa 90 apatsidwe okosijeni, choncho tinamuika pa mpweya nthawi yomweyo, dokotala asanafike n'komwe. Pa ntchito yosankha wodwala woyenera kuonedwa msanga, sindinagwirepo chida chaching'ono chothandiza ngati ichi.

Zofooka kali nazo. Chala chikazizira, kapena wodwala akataya magazi ambiri, manambala amangophethira kapena kuzimiririka, ndipo apa m'pamene munthu umawafuna kwambiri. Wodwala akamanjenjemera kamasokonezeka, kyutekisi yakuda pachikhadabo imakanamiza, ndipo pa zala za makanda kamakula. Kangaka kalibe belu lochenjeza nambala ikatsika, choncho sikoyenera kusiyidwa pa munthu popanda womuyang'anira. Chotsekera mabatire chinayamba kugwedera patangotha miyezi inayi.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'zimene kafukufuku anapeza zokhudza khungu. Mu December 2020, magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za ofufuza a pa University of Michigan, amene anayerekeza nambala ya pachala ndi okosijeni woyezedwa m'magazi otengedwa mumtsempha. Iwo anayang'ana nthawi zimene chipangizo chinkaonetsa pakati pa 92 ndi 96, manambala amene amaoneka abwino, pomwe okosijeni weniweni anali pansi pa 88. Zimenezi zinachitika pa 11.7 peresenti ya miyezo ya odwala akhungu lakuda, koma pa 3.6 peresenti yokha ya miyezo ya azungu, kutanthauza kuti wakhungu lakuda ankanamizidwa pafupifupi katatu kuposa mnzake. Mu February 2021, bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza poyera kuti mtundu wa khungu ndi chimodzi mwa zinthu zimene zingasokoneze zipangizozi. N'zopweteka kuti kapepala kamene kanabwera m'bokosi la kachipangizo kanga sikatchula nkhaniyi ngakhale pang'ono.

Chiwerengereni zimenezi ndinasintha kachitidwe. Wodwala akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, kapena akamalephera kumaliza chiganizo popanda kuima kuti akoke mpweya, nambala ya 93 sindiilola kundikhazika mtima pansi, ndipo ndimaitana dokotala. Chimodzimodzinso munthu amene wapuma utsi wa moto m'chipinda chotseka: mpweya wapoizoni wa carbon monoxide wa mu utsiwo umakakamira m'magazi pamalo a okosijeni, kachipangizoka n'kuonetsa nambala yapamwamba munthu ali pangozi.

Kwa anamwino anzanga ndi osamalira odwala chifuwa kunyumba, ndikuti kaguleni, koma sankhani kamene kamaonetsa kamzere kovina motsatira kugunda kwa mtima, chifukwa kamzereko kakakhala kosalongosoka nambala nayonso siyodalirika, ndipo onani ngati pabokosi alembapo ISO 80601-2-61, umene ndi muyezo wa padziko lonse wa zipangizozi. Tenthetsani dzanja la wodwala, dikirani nambala ikhazikike, kenako yerekezani kugunda kumene kakuonetsa ndi kumene mukumva ndi zala zanu padzanja lake. Ine kangaka ndipitiriza kuyenda nako, koma ndikufunafuna kena kokhala ndi kalamba kokulunga paphazi la khanda.