Miyezi 18 ndikuchita lendi m'nyumba yakale yokonzedwanso

Papita miyezi 18 chisamutsireni bizinesi yanga yosindikiza ndi kufotokopa m'nyumba ina yakale yosungiramo katundu, imene mwini wake anaikonzanso n'kuigawa kukhala mashopu 12 pansi ndi maofesi pamwamba. Pamene ndinkasaina mgwirizano wa zaka zitatu, zimene zinandikopa zinali lendi yotsikirapo poyerekeza ndi ya pamsewu waukulu, miyezi iwiri yoyambirira yosalipira kuti ndikonze m'kati, komanso nkhani yakuti dera lonselo, lomwe linagona kwa zaka zambiri tawuni ikukulira mbali ina, linali pafupi kudzuka chifukwa khonsolo inali itavomereza kusamutsirako depoti ya mabasi. Panthawiyo ndinkayamikira utoto ndi magalasi. Lero ndikulankhula monga munthu amene wadutsamo nyengo ziwiri za mvula ndipo wawerenga mgwirizano uja kangapo, nthawi zina ndi mtima wowawa.

Nyumbayo payokha sindikuidandaula kwenikweni. Anthu amene ankamanga nyumba zosungiramo katundu ankaika makoma okhuthala, denga lalitali ndi zitseko zazikulu, ndipo zimenezi zimathandiza wamalonda kuposa mmene ndinkaganizira: m'kati simutentha ngakhale makina onse akugwira ntchito, ndipo galimoto yobweretsa mapepala imafika pakhomo penipeni. Pamene panabisala vuto ndi pa zinthu zosaoneka. Okonza nyumba yakale amayambira pa zimene wofuna malo adzaone tsiku loyamba, pamene mapaipi, mawaya ndi ngalande za padenga zimatsala mmene zinalili. M'mwezi wachisanu ngalande ina inasefukira usiku n'kunyowetsa mapepala ambiri, ndipo tinatha milungu itatu tikukokanakokana chifukwa mgwirizano unkati denga ndi makoma n'za mwini nyumba, za m'kati n'za wochita lendi, koma za katundu woonongeka ndi madzi ochokera padenga unali chete. Mwini nyumba anakonza ngalandeyo, koma mapepala ndinagula ndekha, ndipo sabata yomweyo ndinakadula inshulansi ya katundu, chinthu chimene ndinayenera kuchita ndisanalowe.

Chimene chandidyera ndalama kwambiri si lendi ayi, koma ndalama ina ija eni nyumba amaitcha service charge, yolipirira alonda, osesa, magetsi a panja, zimbudzi za tonse ndi kutaya zinyalala. Kawirikawiri ndalamayi imagawidwa potengera kukula kwa malo amene aliyense watenga, ndipo zimenezo n'zachilungamo nyumba ikadzaza. Funso limene sindinafunse n'lakuti gawo la mashopu opanda anthu adzalipira ndani. Mgwirizano wathu unkati ndalamayo igawidwe pakati pa ochita lendi amene alipo, ndipo popeza chaka choyamba tinalimo asanu okha, ife asanufe tinkasenza mlonda ndi magetsi a nyumba ya anthu 12. Mgwirizano wolembedwa bwino umasiya gawo la malo opanda anthu m'manja mwa mwini nyumba, pakuti iye ndi amene ali ndi mphamvu yowadzaza. Mawu amodzi okhawo a mu mgwirizano wathu anafafaniza kusiyana konse kwa lendi kumene kunandichotsa pamsewu waukulu.

Pa nkhani ya magetsi ndiyenera kuvomereza kuti wolakwiridwa sanali ine. Tonse tinali pa mita imodzi ndipo bilu inkagawidwa mofanana, pamene makina anga amadya magetsi kuposa a telala woyandikana nane. Ataika mamita a aliyense payekha bilu yanga inakwera, ndipo ndinalibe pakamwa podandaulira.

Depoti ya mabasi ija inabwera m'mwezi wa 13. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo ine ndinawerengera makasitomala a depoti imene inali idakali pa pepala. Kuchedwa kotere kumachitika m'madera ambiri amene akukonzedwanso, chifukwa kukonza nyumba imodzi kumadalira munthu mmodzi ndi banki yake, pamene msewu, depoti kapena njanji zimadalira bajeti ya boma, kulipira anthu osamutsidwa ndi makontilakitala angapo. Ngakhale ku London zinatero. Nyumba yaitali ya One Canada Square ku Canary Wharf inamalizidwa mu 1991 pamalo amene kale linali doko, kampani imene inaimanga inagwa mu 1992 maofesi ambiri ali opanda anthu, ndipo sitima ya pansi pa nthaka ya Jubilee Line inafika kumeneko mu 1999. Deralo linadzuka ndithu, koma amene anafulumira kufika ndi amene analipira zaka zodikirazo. Tawuni yaing'ono imene ikukula imadutsa njira yomweyo, kungoti wolipira amakhala mwini shopu amene alibe ndalama zodikirira chaka chathunthu. Mwa asanu tinayamba limodzi aja, awiri anatseka depoti isanafike.

Ndaonanso mmene zofuna za anthu ochita lendi zasinthira. Pamwamba panakonzedwa maofesi atatu akuluakulu, ndipo anakhala opanda munthu mpaka mwini nyumba atawadula kukhala tizipinda ting'onoting'ono, timene tinadzaza m'miyezi yochepa. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, makampani ambiri amafuna malo ochepa ndi mgwirizano wosawamanga zaka zambiri. Mashopu a kumbuyo, amene ndinkawaona ngati osathandiza chifukwa saonekera pamsewu, anatengedwa ndi ogulitsa katundu pa intaneti, omwe safuna windo loonetsera malonda koma malo otetezeka ndi khomo lofikapo njinga yamoto. Kutsogolo kwakhazikika mabizinesi amene kasitomala ayenera kufika yekha, monga ometa, okonza mafoni ndi ogulitsa mankhwala. Famase ija itatsegulidwa, anthu odutsa pakhomo panga anachuluka depoti isanayambe n'komwe, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake eni nyumba amanyengerera bizinesi imodzi yokoka anthu ndi lendi yabwino kuposa ya ena tonse.

Kwa nthawi yaitali ndinkadabwa kuti n'chifukwa chiyani mwini nyumba ankalola mashopu asanu ndi awiri kukhala otseka m'malo motsitsa lendi. Yankho lili pa mmene nyumba zamalonda zimawerengedwera mtengo. Wogula kapena banki amayang'ana lendi ya pachaka yolembedwa m'migwirizano, n'kuiyerekeza ndi phindu limene akuyembekezera pa ndalama zake. Ngati akufuna phindu la 10 peresenti, ndiye kuti nyumbayo ndi ya mtengo wa lendi ya zaka 10, choncho ndalama iliyonse yochotsedwa pa lendi ya pachaka imachotsedwa kakhumi pa mtengo wa nyumba. N'chifukwa chake mwini nyumba amalolera kupereka miyezi yaulere kapena kukuikirani matailosi, bola nambala ya pa pepala isatsike. Amene akukambirana za malo atsopano angapindule kwambiri popempha miyezi yaulere yochulukirapo kusiyana n'kulimbana ndi nambalayo.

Tsopano nyumba yadzaza, service charge yanga yatsika kufika pamene inayenera kukhala poyamba, ndipo malonda a miyezi isanu yapitayi aposa amene ndinkapeza pamsewu waukulu. Koma walira mvula walira matope. Amene alowa posachedwa akulipira lendi yokwera kuposa yanga, ndipo mgwirizano wanga umati pakatha miyezi 24 lendi idzaunikidwanso kuti ifanane ndi ya pamsika, popanda malire alionse. Msika umenewo tinaukweza ndife amene tinayatsa magetsi m'nyumba muno kunja kuli zii, ndipo tsopano ukhoza kutitulutsa.

Sindikufuna kusamuka, chifukwa malowa ayamba kubweza zimene ndinaikamo. Mwezi wamawa ndikumana ndi mwini nyumba, ndipo ndamulembera kale kuti ndine wokonzeka kuonjezera zaka zina zitatu ngati angavomereze kuti lendi izikwera ndi peresenti yodziwikiratu chaka chilichonse, kuti gawo la mashopu opanda anthu lizikhala lake, komanso kuti ngalande za padenga ziziyenderedwa mvula isanayambe. Pa mfundo yachitatuyi wayankha kale kuti palibe vuto. Pa ziwiri zoyambazo akuti akufunsa kaye loya wake.